Momwe mungayendere ku Dar es Salaam koyamba osasowa pogona ndi podya

Ulendo wanga woyamba wa ku Dar es Salaam ndinatsagana ndi alamu anga omwe amakaoda nsapato ku Kariakoo, dera lalikulu la malonda mu mzindawo. Kuyambira pamenepo ndapitako kangapo ndekha, ndipo anthu akamandifunsa za ulendowu amathamangira kufunsa mitengo ya katundu. Mitengo mukaiona nokha mukafika. Zimene zimavuta munthu wachilendo mu mzinda umenewu ndi zina: kumene akagone, chimene akadye, ndi nthawi imene auzidwa kuti basi inyamuka. Ndikufotokozerani mwatsatanetsatane monga ndimachitira ine.

Choyamba: pa chipata cha Songwe

Mukachoka ku Karonga mufika pa Songwe. Mukadinditsa pasipoti mbali yathu mumaoloka mlatho wapansi n'kukadinditsanso ku Kasumulu, mbali ya Tanzania. Mmalawi safunika viza, koma yang'anani masiku amene akulemberani pa chidindo musanachoke pa windo.

Mukangooloka, sinthani wotchi. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye ikamakwana 12 koloko ku Karonga, ku Kasumulu imakhala 1 koloko. Za ndalama, anyamata osintha a pamsewu adzakuzungulirani musanatsike n'komwe. Ine ndimasintha zochepa zongokwanira kukafika ku Mbeya, ndipo ndimawerenga mashilingi awo m'manja mwanga kaye ndisanatulutse makwacha anga. Pepala lalikulu la ndalama ya kumeneko ndi la 10,000, choncho ndalama yooderamo imakhala mtolo wonenepa. Igaweni m'matumba awiri kapena atatu. Komanso musanyamule majumbo, chifukwa Tanzania inaletsa mapepala apulasitiki onyamuliramo katundu kuyambira mu June 2019.

Chachiwiri: phunzirani kuwerenga nthawi yawo

Apa ndikhalitsapo, poti ndi pamene ndinapwetekera. M'Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka. Pamene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati saa moja, kutanthauza ola loyamba. 8 koloko ndi saa mbili, 12 koloko masana ndi saa sita, 6 koloko madzulo ndi saa kumi na mbili. Njira yapafupi ndi iyi: nambala imene akuuzani, yang'anani imene yapenyana nayo pa wotchi. Akati 2, ndiye kuti 8. Akati 11 mbandakucha, ndiye kuti 5.

Ulendo wanga wachiwiri, ndili ndekha, ndinagula tikiti ku Mbeya ndipo wogulitsa anandionetsa zala ziwiri nati saa mbili. Ndinapita kukagona ndili ndi mtendere kuti ndinyamuka 2 koloko masana. Nditafika pa siteji, basi inali itapita kalekale m'mawa, tikiti inapsa, ndipo ndinalipiranso chipinda usiku wina ndi ndalama imene ndinasungira katundu. Masiku ano ndimatulutsa foni, n'kulemba nthawiyo m'manambala, n'kumuonetsa wogulitsa kuti avomereze.

Chachitatu: msewu wa ku Dar

Kuchoka ku Kasumulu kukafika ku Mbeya mumadzera ku Tukuyu, dera lozizira la nthochi ndi minda ya tiyi, ndiye juzi ikhale pafupi. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi mtunda wopitirira makilomita 800, ulendo wa tsiku lathunthu. Mumadutsa Makambako, Iringa, kutsika mapiri okhotakhota a Kitonga, kenako msewu umalowa pakati pa nkhalango ya Mikumi. Khalani maso pamenepo. Ine ndinaona akadyamsonga atatu ataima chapafupi ndi tala, anyani ali mbwee m'mbali mwa msewu, popanda kulipira kalikonse. Mukadutsa Morogoro ndi Chalinze mwayandikira.

Basi imaima pa malo odyera kwa mphindi zochepa chabe. Pitani kuchimbudzi kaye, kenako gulani chakudya chonyamula mukadyere m'basi, ndipo lowezani mtundu ndi nambala ya basi yanu chifukwa pamaima zambiri zofanana.

Chachinayi: kulowa mu mzinda

Mabasi ochokera kutali amatsitsira pa siteji ya Magufuli ku Mbezi, kunja ndithu kwa tauni. Amene anapitako kale akakuuzani za Ubungo, dziwani kuti siteji inasamuka. Ngati mwafika kunja kukuwala ndipo mulibe katundu wambiri, kwerani mabasi aatali abuluu omwe amawatchula mwendokasi. Anayamba kuyenda mu 2016, ali ndi msewu wawowawo, ndipo kuchokera ku Kimara, siteji yawo yomwe ili pakati pa Mbezi ndi tauni, ena amakathera ku Gerezani, pafupi penipeni ndi Kariakoo, ena ku Kivukoni kugombe. Amadzaza kwambiri m'mawa ndi madzulo, choncho chikwama chikhale kutsogolo, foni m'thumba lamkati.

Mukafika usiku, musavomere munthu wongokulandirani chikwama n'kunena kuti ali ndi galimoto panja. Itanani galimoto kapena bajaji (kanjinga kamoto ka mawilo atatu) pa Bolt, pulogalamu ya pafoni yoitanira takisi, kapena gwirizanani mtengo ndi woyendetsa musanakwere. Kuti zimenezi zitheke mufunika nambala ya kumeneko. Gulani simu khadi mu shopu yeniyeni ya Vodacom kapena Airtel ku Mbeya, mutatenga pasipoti yolembetsera.

Chachisanu: chipinda chionedwe musanalipire

Ngati mwabwerera zooda, gonani ku Kariakoo komweko kuti katundu muzinyamula pang'onopang'ono kupita naye kuchipinda. Mahotela ndi malo ogona ang'onoang'ono alipo ambiri m'misewu yozungulira Msimbazi, Uhuru ndi Livingstone, nyumba zazitali zopanikizana, pansi mashopu pamwamba zipinda. Zithunzi za pa intaneti zisakunyengeni. Pemphani kiyi, kwerani mukaone nokha.

Mukalowa, tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Yatsani fani kapena makina oziziritsa mpweya n'kudikira pang'ono, poti Dar ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kutentha kwake kuyambira December mpaka March n'konyowa, kokakamira pathupi, koposa kumene tinazolowera ku Salima kapena ku Nkhotakota. Tambasulani neti muone ngati ilibe zibowo. Yesani loko wa chitseko. Funsani ngati ali ndi jenereta, komanso ngati chikepe chokwerera m'mwamba chikugwira ntchito.

Ndikunena izi chifukwa usiku wina ndinafika nditatopa, ndinalipiratu masiku 3 pa hotela ina ndisanaone chipinda. Anandipatsa cha pansanjika yachisanu ndi chimodzi, windo lake loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina, moti ndikanatha kuligwira ndi dzanja. Magetsi atazima cha m'ma 11 koloko, fani inaima, mpweya unatheratu, ndipo ndinachezera ndi thaulo lonyowa pachifuwa ndikumvera udzudzu. M'mawa nditapempha ndalama yanga yotsala anakana. Kuyambira apo ndimalipira usiku umodzi wokha, ndikagona bwino ndiye ndimaonjezera. Tengani lisiti, funsani ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo, ndiponso nthawi yotulukira m'chipinda, mukukumbukira kawerengedwe kawo kaja.

Ku Kariakoo kuli mizikiti yambiri, ndipo kuitana kwa mapemphero kumamveka mbandakucha. Kwa wooda n'zothandiza, chifukwa mumadzuka kukadali kozizira.

Chachisanu ndi chimodzi: kudya

Chakudya cha m'hotela n'chodula ndipo nthawi zambiri sichikoma ngati cha panja. Tsatirani kumene akudya ogwira ntchito m'mashopu. Amayi ophika m'misewu amawatchula mama ntilie, ndipo mphika umene pali mzere wa anthu ndiwo wabwino, poti chakudya chake sichigonera. M'mawa pemphani chai ya maziwa (tiyi wamkaka) ndi chapati kapena vitumbua, zomwe ndi zitumbuwa za ufa wa mpunga, zofewa ngati thonje mkati. Masana kuli wali maharage, mpunga ndi nyemba zophikira mkaka wa kokonati. Mukalawa nyemba zimenezi mudzafuna kugula kokonati popita kwanu. Kuli pilau, biriyani makamaka Lachisanu, ndi ugali kwa amene sagona osadya nsima, ngakhale yawo ndi yolimba kuposa yathu ndipo amaiumba mtanda umodzi waukulu. Madzulo m'makona mumanunkhira mishkaki, nyama yootcha yotunga pa kamtengo, ndi chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira mpaka chigwirane ngati chikondamoyo.

Funsani mtengo musanadye: bei gani? Madzi imwani a m'botolo lotseka. Ludzu likakula, gulani dafu, kokonati wamuwisi amene amamusema pamwamba ndi chikwanje inu mukuona, mukamwa madziwo amakupalirani zoyera zamkati ndi kachidutswa ka chikhokho chake.

Mawu anu akhale aulemu. Anthu a kumeneko sanena kuti ndipatseni, amati naomba, kutanthauza ndikupempha, ngakhale chinthucho mukugula ndi ndalama yanu. Munthu wamkulu mumamupatsa moni wa shikamoo, iye amayankha marahaba. Chingerezi sichikuthandizani kwenikweni mumsika, koma Chiswahili chili ndi mawu ambiri ofanana ndi athu, monga nyumba, nyama, mvua ndi maji, ndiye khutu limazolowera msanga. Chenjeraninso ndi anyamata omwe amawatchula winga. Amakulondolerani ku shopu mokoma mtima, koma pa mtengo umene mulipire pali gawo lawo.

Chachisanu ndi chiwiri: patulani tsiku loona mzinda

Zimandiwawa kuona anthu akuyenda ulendo wautali chotere n'kubwerera atangoona msewu wa ku Kariakoo wotchedwa Congo ndi mabelo a zovala. Lamulungu mashopu ambiri ku Kariakoo amakhala otseka, ndiye tsiku limenelo kwerani mwendokasi mpaka ku Kivukoni. Pamenepo pali msika wa nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo m'mawa asodzi amagulitsa mopikisana mitengo, nsomba zina zazitali ngati mwana wa sukulu. Pafupi pomwepo pali pantoni yoolotsa anthu kupita ku Kigamboni pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo muli pamadzipo mumaona sitima zikuluzikulu zikulowa padoko, doko lomwelo limene limalandira mafuta ndi magalimoto ambiri obwera kwathu. Mukabwerera yendani wapansi kudzera pa tchalitchi cha Azania Front ndi cha St Joseph mpaka pa chipilala cha Askari, chokumbukira asilikali a mu Africa a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Dzina loti Kariakoo nalonso linachokera ku nkhondo yomweyo, ku gulu la amtengatenga lotchedwa Carrier Corps. Madzulo pitani ku Coco Beach mukadye chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi ndimu, mphepo ya m'nyanja ikukupepesani.

Pobwerera

Tikiti gulani tsiku loti mawa lake munyamuka, ndipo mtengo wa katundu mugwirizane nthawi yomweyo, ulembedwe. Lembani dzina ndi nambala yanu pa thumba lililonse ndi cholembera chosafufutika, ndipo imani pomwepo mpaka muone akulilowetsa pansi pa basi. Malisiti onse a katundu asungeni pamodzi ndi pasipoti, poti a MRA pa Songwe adzawafuna powerengera msonkho. Mashilingi otsala gulirani nthochi ku Tukuyu kapena mpunga wa ku Kyela, ndipo mukaoloka mlatho bwezani wotchi ndi ola limodzi musanafunse za minibasi ya ku Karonga.