Mmene Mungajambulire ndi Kukonza Kanema Wamfupi Wophika Chakudya Chotsala

Lipoti la mu 2024 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linasonyeza kuti m'chaka cha 2022 anthu padziko lonse anataya chakudya choposa matani 1 biliyoni, ndipo pafupifupi magawo 60 mwa magawo 100 a chakudyacho anatayidwa m'makomo. Ndiye kuti kanema wa masekondi 60 wojambulidwa m'khitchini akulunjika pamene pagona vuto. Kuti akope woonera, kanemayo ayambe ndi chakudya chimene chinatsala pang'ono kutayidwa, osati ndi moni wautali.

Sankhani chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo mpunga wotsala dzulo umene mukufuna kuukazinga ndi dzira komanso mapesi a ndiwo zamasamba amene ambiri amangowataya. Musanayatse moto, lembani papepala zimene mudzajambule motsatana: mpunga wozizira m'mbale, mpeni ukudula mapesi, mafuta akutentha, dzira likuswedwa, kenako chakudya chitapsa. Pepalali n'lofunika kwambiri chifukwa dzira likapsa silibwereranso mwakale, ndipo mukaiwala kujambula gawo lina mudzakakamizika kuphikanso, n'kuwononga chakudya pa kanema amene cholinga chake n'kuletsa khalidwe lomwelo.

Imikani foni chilili, pa muyeso wa 9:16 umene umagwirizana ndi TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts, ndipo muitchere pa 1080p (muyeso wa kaonekedwe ka chithunzi) ndi mafulemu (zithunzi) 30 pa sekondi. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti nthunzi ndi mafuta a m'khitchini zimachititsa chithunzi kuoneka mwachimbuuzi. Ngati mulibe choimikira foni, itsamiritseni pa chinthu cholimba, kutali ndi moto. Jambulani masana pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera m'mbali, ndipo muzimitse babu, chifukwa kuwala kwa mitundu iwiri kukasakanikirana chakudya chimaoneka chachikasu kapena chotuwa.

Gawo lililonse likhale la masekondi 5 mpaka 10, ndipo muyandikire ndithu. Ine ndimaona kuti palibe chimene chimagwira woonera ngati dzanja likuphwanya zibuma za mpunga wozizira, kenako mpungawo n'kugwera m'mafuta otentha uku ukuthetheka. Musalankhule pamene mukuphika, ndipo wailesi ikhale yozimitsa kuti phokoso la mpeni ndi la mafuta limveke bwino. Mawu ofotokozera mudzawajambula pambuyo pake m'chipinda cha phee.

Pali mfundo imodzi imene simuyenera kuidumpha ngakhale nthawi itachepa. Mpunga wophika ukakhalitsa pamalo ofunda, tizilombo totchedwa Bacillus cereus timachulukana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale mpungawo utatenthetsedwanso. Nenani momveka kuti wotsalawo uyenera kuzizitsidwa msanga, kuikidwa mufiriji ola limodzi kapena awiri asanathe, ndi kutenthetsedwanso kamodzi kokha mpaka utatentha paliponse. Woonera adzachita zimene waona, choncho udindowu ndi wanu.

Pokonza, lowetsani zidutswa za kanema zimene mwajambula mu pulogalamu ngati CapCut kapena InShot, muzindandalike motsatira pepala lija, ndipo mudule paliponse pamene dzanja likungodikira. Masekondi atatu oyambirira asonyeze mpunga wozizira uja, n'kutsatizapo chithunzi chachidule cha chakudya chitapsa, kuti munthu adziwe chimene akudikirira. Lembani pa kanemayo mayina ndi miyeso ya zosakaniza m'zilembo zazikulu, chapakati, pakuti ambiri amaonera atatseka mawu, ndipo m'munsi ndi kudzanja lamanja mumaphimbidwa ndi mabatani. Nyimbo ikhale yotsika, komanso yoti muli ndi chilolezo choigwiritsa ntchito.

Musanatumize kanemayo, muonereni kamodzi mutatseka mawu, kenako mupatse munthu wina amene sanalipo pophika kuti akuuzeni ngati angathe kuphika chakudyacho atangoonera kamodzi. Akakakamira pena, bwererani pa gawo limenelo ndi kulitalikitsa ndi sekondi imodzi kapena awiri.