Momwe mungayendere munda wa mitengo ndi kutumiza zitsanzo kwa akatswiri a za nkhalango

Akatswiri ofufuza tizilombo ndi matenda a mitengo m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Zomba, ku nthambi ya kafukufuku wa za nkhalango ya FRIM, ndi m'masukulu a ukachenjede. Sangayendere munda uliwonse wa bulugama kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Amadalira mlimi, komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe (VNRMC) ndi mlangizi wa za nkhalango wa m'dera kuti awauze zomwe zikuchitika. Vuto ndi loti uthenga umafika mochedwa, mitengo itauma kale, kapena chitsanzo chimafika chitawolera m'jumbo moti palibe chomwe angaonepo.

Mu 1986 nsabwe zoyamwa madzi a mitengo ya mkungudza, zomwe asayansi amazitcha Cinara cupressi, zidapezeka ku Malawi koyamba mu Africa muno. Pasadathe zaka zambiri zidafika ku Tanzania ndi ku Kenya, n'kuumitsa minda ya saipuresi ndi mipanda ya m'matauni. Kuno zidagwiranso mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Kupopera mankhwala m'nkhalango yonse sikukadatheka, choncho akatswiri adabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku Ulaya, Pauesia juniperorum, komwe kamaikira dzira m'thupi la nsabweyo. Kuti apeze mdani woyenerayo, adayenera kudziwa kaye mtundu weniweni wa kachilomboko, ndipo mtundu umadziwika poona chitsanzo chosungidwa bwino.

Munda wa mitengo muziuyendera kamodzi pa mwezi, koma kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa muziyenda kawiri, chifukwa mtengo wosowa madzi suchedwa kugonja. Nazale yokha muziyiyang'ana sabata iliyonse. Osangozungulira m'mbali. Lowani m'kati mokhotakhota kuchoka ngodya ina kukafika ngodya ina, ndipo muziima pa mtengo wa khumi uliwonse, kaya ukuoneka bwino kaya ayi. Anthu ambiri amathamangira mitengo yodwala yokhayokha, kenako amakanena kuti munda wonse watha, pomwe mlangizi amafuna kumva kuti pa mitengo 30 yomwe mwayang'ana, 8 ndiyo yagwidwa. Nambala imeneyo ikalembedwa mwezi ndi mwezi ndiyo imasonyeza ngati vuto likukula.

Pa mtengo uliwonse yambani ndi kumwamba: masamba asintha mtundu kuyambira kunsonga, kapena kuyambira m'kati pafupi ndi thunthu? Kenako tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Yalani pepala loyera kapena nsalu yoyera pansi pa nthambi, muimenye ndi kamtengo kangapo, muone zomwe zagwa. Malizani ndi patsinde, mufukule dothi pang'ono.

Pa bulugama pali tizilombo titatu tochokera ku Australia tomwe tafalikira m'maiko a kuno, ndipo n'tosavuta kusiyanitsa mukatiyang'anitsitsa. Koyamba ndi kamavu kakuda ka Leptocybe invasa, kongopitirira pang'ono milimita imodzi, koti simungakaone kawirikawiri. Mumaona ntchito yake: zotupa ngati mikanda pa mtsempha wapakati wa tsamba, pa kaphesi ka tsamba ndi pa timphukira. Zotupazo zimayamba zobiriwira, kenako zimafiira, ndipo pakaoneka tiziboo ndiye kuti mavu atuluka kale. Kamakonda mbande ndi mphukira za pa zitsa, mtengo umapinimbira n'kupindika. Kachiwiri ndi Thaumastocoris peregrinus, kaphwatalala, kofiirira, ka mamilimita 2 kapena 3, kothamanga kwambiri pa tsamba. Masamba amayamba kutuwa, kenako amasanduka ofiira ngati awauka ndi moto n'kuyoyoka, ndipo mazira ake ndi timadontho takuda towunjikana. Kachitatu, Glycaspis brimblecombei, kamadzimangira kachisoti koyera pa tsamba. Mukatokosa kachisotiko mupeza kachilombo kachikasu pansi pake. Masamba amanata, amada ngati apakidwa mwaye, ndipo nyerere zimachuluka.

Nsabwe za pa mkungudza ndi saipuresi nazo zimasiya manatanata ndi mwaye womwewo, koma kuuma kwake kumayambira m'kati ndi m'munsi mwa mtengo kupita kunja. Pa paini yang'anani ubweya woyera ngati thonje m'khungwa la timphukira.

Si mtengo uliwonse wouma womwe wagwidwa ndi kachilombo kachilendo. Mbande ya bulugama yomwe yafota mwadzidzidzi chaka choyamba, muizule: mukapeza khungwa la muzu ladyedwa mozungulira, ndi chiswe. Muzu wopindika ngati mbedza umasonyeza kuti mbande idakhalitsa m'chubu kapena idabzalidwa m'dzenje losaya, ndipo palibe mankhwala ake. Mitengo ikauma pamalo amiyala okhaokha pomwe ya kunsi ili yobiriwira, ganizani za chilala. Ikamafa mozungulira malo amodzi, bwalolo n'kumakula chaka ndi chaka, sendani khungwa patsinde. Mukaona zoyera zoyala ngati pepala pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo, zonunkhira bowa, amenewo akhoza kukhala matenda oola mizu a Armillaria, omwe amayambira pa zitsa zakale. Musaiwale kuona ngati moto udadutsapo, poti paini wowauka patsinde amatha kuuma patapita miyezi.

Potenga chitsanzo, apa ndi pomwe zambiri zimalakwika. Musatenge pa mtengo wouma kale, chifukwa chomwe chidaupha chidachokapo ndipo mwalowa zina zongodya zakufa. Sankhani mitengo itatu: woyamba kumene kudwala, wodwala kwambiri koma wamoyo, ndi wabwinobwino wofananitsira. Dulani nthambi za masentimita 20 mpaka 30. Ngati ndi chilonda cha pa thunthu kapena muzu, dulani pamalire pomwe pakufa pakumana ndi pamoyo, poti nkhungu yoyambitsa matenda imakhala pamenepo. Kulungani chitsanzo chilichonse pachokha m'nyuzipepala youma, muike m'katoni. Musanyowetse. Jumbo yomanga kukamwa imachita thukuta pa dzuwa, ndipo tsiku limodzi m'minibasi ndi lokwanira kuti masamba achite nkhungu ina yomwe imabisa yeniyeniyo. Chitsanzo chifike ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndiye musadule Lachisanu.

Tizilombo tofewa ngati nsabwe ndi mphutsi tiikeni m'kabotolo kotsuka bwino, kotseka zolimba, muthiremo sipiriti wa ku famase. Ikani 10 kapena 20, akuluakulu ndi aang'ono, chifukwa mtundu umadziwika bwino pa kachilombo kokhwima. Titoleni ndi nthenga ya nkhuku, osati zala, kuti miyendo ndi tinyanga tisathyoke. Kapepala ka chizindikiro mulembe ndi pensulo. Inki ya bolopeni imasungunuka ikakhudzana ndi sipiriti, ndipo botolo lopanda dzina la malo n'lopanda ntchito. Lembani mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku, mtundu wa mtengo, chaka chomwe udabzalidwa, komwe mbande zidachokera, ndi kuchuluka kwa mitengo yogwidwa.

Amene ali ndi foni ya kamera ajambule zithunzi zitatu: munda wonse, nthambi, ndi pafupi kwambiri ataika khobidi pambali kuti kukula kuoneke. Chithunzi cha pa WhatsApp chimafulumizitsa uthenga, koma sichilowa m'malo mwa chitsanzo.

Podikira yankho, musagulitse kapena kugawa mbande za m'nazale yogwidwa, poti kamavu ka zotupa kamayenda mtunda wautali pa njinga ndi pa lole kali m'kati mwa tsamba. Mbande zogwidwa kwambiri zizulidwe ndi kutenthedwa. Musathamangire mankhwala a thonje kapena a tomato. Kachilombo kobisala m'chotupa kapena pansi pa kachisoti sikafa msanga, koma adani ake ndi njuchi zomwe zimadya maluwa a bulugama ndizo zimatha. Mukaona nsabwe zofufuma, zouma gwa, zina zili ndi kachiboo kumsana, zisiyeni: m'menemo mwakulira mavu othandiza aja.

Chitsanzo chikafika, sichipita kwa munthu mmodzi. Katswiri wa tizilombo amachiika pa maikulosikopu n'kufananitsa ndi zomwe zidasungidwa kale. Katswiri wa matenda a mitengo amadula kachidutswa ka pamalire paja n'kumeretsa nkhungu yake m'mbale zotsekedwa, ntchito yotenga sabata kapena kuposa, choncho musadabwe yankho likachedwa. Wa kasamalidwe ka mitengo ndi mbewu ndiye amayesa mitundu yopirira, chifukwa pa kamavu ka zotupa mitundu ya bulugama imasiyana kwambiri, ndipo Eucalyptus camaldulensis, yemwe amabzalidwa m'madera otentha, ali m'gulu la yogwidwa msanga. Palinso owerenga zithunzi za setilaiti, omwe amaona pomwe pabuka moto ndi pomwe nkhalango yachepa ku Chikangawa kapena ku Dzalanyama, koma chithunzi chochokera kumwamba sichinena chomwe chapha mtengo mpaka wina akafike patsinde.

Wachinyamata wofuna ntchito zimenezi alimbikire Biology, Chemistry, masamu ndi Geography ku sekondale. Alangizi ambiri adaphunzira ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, ndipo digiri ya za nkhalango imapezeka ku Mzuzu University ndi ku LUANAR, ku Bunda. Ofuna kuzama pa tizilombo ndi matenda a mitengo amapitiriza maphunziro, ena ku FABI, nthambi ya kafukufuku wa za nkhalango ndi ulimi ya University of Pretoria ku South Africa. Ntchito yake si ya mu ofesi mokha: muli kukwera mapiri, kuwerenga mitengo yomweyomweyo chaka ndi chaka, ndi kusunga kaundula mosadumphitsa. Makomiti a m'midzi angachite bwino kupatsa mnyamata kapena mtsikana wotere kope la munda, kuti aziyenda ndi mlangizi akabwera ndipo azilemba yekha nambala za mwezi uliwonse.