Mwakulira m'banja la oimba? Momwe mungasandutsire khutu lanu kukhala luso

Alipo ana amene amamva kuti woimba waphonya kiyi asanadziwe n'komwe kuti kiyi n'chiyani. Amayi akuimba uku akugwira ntchito, bambo akutchuna gitala madzulo, achimwene akubwereza nyimbo yomwe aphunzira ku kwaya, mwana ali phee pambali, khutu likuphunzira lokha. Ine ndinakulira m'nyumba yotere, ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti chimene makolo anandipatsa ndi khutu. Zala, mpweya ndi mawu ndinayenera kuzivutikira ndekha. Ngati nanunso munabadwira pakati pa nyimbo, yendani motere.

Choyamba, tchulani mayina a zomwe mumazimva kale

Mverani nyimbo yomwe simukuidziwa, muiimitse pakati, kenako imbani liwu lomwe mukuona kuti nyimboyo ikapumirapo. Nthawi zambiri liwu limenelo ndi do. Mukalipeza, kwerani nalo: do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Tsiku lililonse tengani mzere umodzi wa nyimbo ya kunyumba kwanu n'kuuimba ndi mayina amenewa m'malo mwa mawu ake. Ana ambiri a oimba amalowetsa alito kapena tena popanda wowauza, koma mukawafunsa chomwe achita amasowa choyankha. Ntchito yoyamba ndi kulumikiza khutu ndi mutu.

Chachiwiri, sankhani chida chimodzi

M'nyumba ya oimba zida zimakhala mbwee, ndipo mwana amagwira ichi n'kusiya, kugwira icho n'kusiya. Sankhani chimodzi, mukhale nacho chaka chathunthu. Ngati ndi gitala, yambani ndi kutchuna nokha, osapatsira bambo. Nsambo zisanu ndi imodzi, kuyambira yonenepa kwambiri, ndi E, A, D, G, B, E. Pulogalamu ya pa foni ikuthandizani, koma muziyamba mwayesa ndi khutu, foni izingokutsimikizirani. Mukatero phunzirani makodi atatu a kiyi imodzi, monga G, C ndi D (kodi ndi mawu angapo olizidwa pamodzi). Mudzadabwa kuchuluka kwa nyimbo zomwe zimayenda pa atatuwa.

Chachitatu, siyanitsani kuimba ndi abale ndi kuyeserera

Apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa, ndiye ndikhalitsapo. Mukamaimba ndi abale, iwo amakuphimbani. Mukathamanga, wa ng'oma amakutsatirani. Mawu anu akatsika pang'ono, amayi amakweza awo, nyimbo n'kutha bwinobwino, aliyense n'kusangalala. N'zokoma, ndipo musazisiye, koma kumeneko si kuyeserera. Kuyeserera ndi kukhala nokha ndi pamalo pomwe pakukuvutani.

Patulani mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse. Zimenezi zimaposa maola anayi a tsiku limodzi pa sabata, chifukwa zala zimagwira chinthu pochibwereza kawirikawiri. Ikani metronome ya pa foni, kachipangizo kogunda mosasintha kokusungirani liwiro, pa 60, ndiko kuti kugunda kumodzi pa sekondi. Musayambire nyimbo pachiyambi nthawi zonse, popeza chiyambicho mumachidziwa kale. Pitani pomwe mumapunthwa, mwina posintha kuchoka pa C kupita pa D, mubwereze pamenepo pang'onopang'ono mpaka mudutse kasanu motsatizana osalakwitsa. Mukatero kwezani liwiro pang'ono. Mukalakwitsanso, bwererani pansi. Nsonga za zala zidzapweteka masabata oyamba khungu lisanalimbe, koma ululu wa m'dzanja kapena pamkono ndi chizindikiro choti mupume ndi kuonanso kagwiridwe kanu.

Kamodzi pa sabata dzijambuleni pa foni, mumvere mawa lake. Foni sikukondani ngati agogo anu. Imakubwezerani zomwe munaimbadi.

Chachinayi, pezani mphunzitsi yemwe si m'bale wanu

Kholo likamaphunzitsa mwana wake, phunziro limasakanikirana ndi zina za pakhomo. Likakudzudzulani pa kaimbidwe, mumamva ngati lakukanani. Likakuyamikirani, simudziwa ngati likunena woimba kapena mwana wake. Komanso banja lililonse lili ndi kaimbidwe kake, ndi zizolowezi zomwe a m'nyumbamo saziona. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Johann Sebastian Bach, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, anabadwa mu 1685 ku Eisenach, m'banja lomwe linatulutsa oimba mibadwo ingapo. Makolo ake atamwalira iye asanakwane zaka 10, anakakhala ku Ohrdruf kwa mkulu wake yemwe ankaimba limba m'tchalitchi, ndipo anaphunzira kwa iyeyo. Koma mu 1705, ali ndi zaka 20, anayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchoka ku Arnstadt kupita ku Lübeck kukamvera katswiri wina wa limba, Dieterich Buxtehude. Ngati munthu wochokera m'banja lotero anaona kuti za kwawo sizikukwana, ife tingakhalirenji pakhomo?

Mphunzitsi wanuyo mum'pemphe akuphunzitseni kuwerenga nyimbo zolembedwa. Wakhutu lakuthwa amaona ngati n'kutaya nthawi, mpaka tsiku lomwe apatsidwa pepala mu situdiyo anzake n'kuyamba kuimba iye akudikira kuti amve kaye.

Samalaninso thupi. Mnyamata mawu akayamba kusintha asawakakamize kufika pomwe ankafika kale, aimbe pomwe akumasuka. Makutu nawo amaonongeka mwakachetechete: phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 limavulaza, ndipo pafupi ndi ng'oma kapena sipika limaposa pamenepo. Valani zotseka m'makutu.

Chachisanu, kaimbeni komwe sadziwa bambo anu

Dzina la banja limatsegula zitseko, koma limalemeranso. Anthu amati "mwana wa uje uja," ena n'kuwonjezera kuti "koma safika pa bambo ake." Mawu amenewa amapweteka, ndipo ndaonapo achinyamata aluso akupachika gitala chifukwa cha iwo. Lowani bandi kapena kwaya yomwe mulibe m'bale wanu, komwe adzakuyezani ndi zomwe mwaimba tsiku limenelo. Yambaninso kupeka zanu. Nyimbo yoyamba idzamveka ngati ya kunyumba kwanu, ndipo palibe cholakwika. Ingoimalizani musanaionetse abale, chifukwa mukaionetsa ili theka aliyense adzaikamo dzanja lake, n'kutha ili yawo.

Chachisanu ndi chimodzi, bwererani kwa akuluakulu ndi foni m'manja

Mukayamba kuima panokha, pitani kwa wamkulu wa onse woimba m'banja mwanu. Apempheni akuimbireni nyimbo zomwe anaphunzira ali ana, muzijambule, muwafunse yemwe anawaphunzitsa ndi nthawi yomwe zinkaimbidwa. Mukafika kwanu zifufuzeni pa chida chanu. Mwina mudzapeza kuti mawu ena agogo akuwaimba pakati pa makiyi awiri a kiyibodi, kapena akukoka mzere wina kuposa momwe metronome ikufunira. Musawakonze. Zimitsani metronome, mumverenso kachiwiri ndi kachitatu, muimbe nawo limodzi mpaka mawu anu atakhala pomwe pali awo.