Mukapita ku chikondwerero cha bluegrass koyamba, musakagone msanga

Anzanga amene akufuna kupita ku chikondwerero cha bluegrass (nyimbo zoimbidwa ndi zida za zingwe monga banjo, gitala ndi mandolin) ku America koyamba amandifunsa funso limodzimodzi: tigule tikiti ya tsiku liti kuti tikaone oimba otchuka? Ine ndimati gulani ya masiku onse, ndipo munyamule tenti. Munthu amene amabwera masana, kuonera pa siteji, n'kubwerera ku hotela dzuwa likalowa, amakhala kuti wangolawako. Nyimbozi zimapsa bwino usiku, pakati pa matenti, magetsi a pa siteji atazima.

Yambani ndi kusankha kopita, chifukwa zikondwererozi sizifanana. Mwambo wosonkhana masiku angapo unayamba mu 1965 ku Fincastle m'chigawo cha Virginia, pamene a Carlton Haney anaitanira oimba pa famu ya mahatchi. Patapita zaka ziwiri, mu 1967, a Bill Monroe, amene gulu lawo la Blue Grass Boys ndi limene linapereka dzina ku nyimbozi, anayambitsa chawo ku Bean Blossom, Indiana. Lero zilipo zambirimbiri. MerleFest ya ku Wilkesboro, North Carolina, imachitika kumapeto kwa Epulo pa malo a koleji. Inayamba mu 1988 pokumbukira Merle Watson, mwana wa katswiri wa gitala a Doc Watson, ndipo mkati mwake salola mowa, choncho ndi yabwino kupita ndi ana. Kungoti masiteji ndi ambiri ndipo ogona m'matenti amakhala kunja, n'kumakwera basi. Telluride ya ku Colorado, mu Juni, ndi yokongola kosasimbika, koma tawuniyo ili pamwamba mamita oposa 2,600. Masana dzuwa limawotcha khungu, usiku kumazizira mpaka zala kukanika kugwira zingwe, ndipo tsiku loyamba mpweya umaperewera ngakhale mukungoyenda. DelFest imachitikira ku Cumberland, Maryland, kumapeto kwa Meyi. Ine munthu woyamba ndimamutumiza ku Grey Fox, pa famu ina ku Oak Hill m'chigawo cha New York, mu Julayi. Kumeneko tenti yanu ndi siteji zili pamalo amodzi, ndipo anthu amaimba m'makampu mpaka mbandakucha.

Za katundu sindichedwapo. Mpando waufupi wopinda, chifukwa wautali umatchingira anzanu ndipo malo ambiri saulola kutsogolo. Jekete yamvula, juzi yokhuthala, chipewa, botolo la madzi, tochi yaing'ono, ndi zotsekera m'makutu za nthawi imene tulo tidzakugonjetseni anzanu akuimbabe. Ngati mumaimba chida, musaiwale kamakina kochunira kopanikiza pamutu pa gitala ndi kapo, kachipangizo kopanira zingwe posintha kiyi.

Pali mwambo wa mipando umene umadabwitsa alendo. M'mawa anthu amakayala mipando kapena matenti oyala pansi kutsogolo kwa siteji, n'kuchoka. Ku Telluride amachita kufola kuti chipata chikatsegulidwa athamange ndi choyala chawo. Koma m'zikondwerero zambiri mpando wopanda munthu mukhoza kukhalapo, mwini wake akabwera mumanyamuka mwaulemu n'kuthokoza. Musausunthe, musaupinde. Funsani oyandikana nawo ngati mwambowu ulipo pamalopo, akuuzani.

Tsopano kamvedwe. Tsiku loyamba makutu amangomva chiwawa cha zingwe zothamanga, ndiye dzipatseni ntchito. Onani kuti pa siteji palibe ng'oma. Besi yaikulu ija yoimirira ndi imene imaponda phazi, ndipo pakati pa kugunda kwake woimba mandolin amamenya zingwe n'kuzitsamwitsa nthawi yomweyo, kumveka "tchaku, tchaku". Awiriwa ndiwo ng'oma ya gululo. Mukawagwira, zina zonse zimayamba kukhala m'malo mwake. Kenako tsatani banjo ya zingwe zisanu. Woimba amavala tizitsulo ku zala ziwiri ndi kapulasitiki ku chala chachikulu, n'kumazungulitsa zala zitatuzo mosalekeza ngati madzi otsika pamiyala. Kaimbidwe kameneka kanatchuka ndi a Earl Scruggs, amene analowa gulu la a Monroe mu Disembala 1945, atapezamo kale a Lester Flatt pa gitala. Ambiri amati bluegrass monga tikuidziwa lero inabadwa ndi gulu limenelo. Pomaliza mverani mawu. Wina amatsogolera, wina amakwera pamwamba pake ndi mawu opyapyala, wachitatu amalowa pansi. Mawu okwerawo, amene amamveka ngati munthu akuitana mnzake kutsidya la phiri, ndi amene amandiimitsa tsitsi.

Ngati a Del McCoury, mmodzi mwa akuluakulu a nyimbozi, ali pa ndandanda wa oimba, siyani chilichonse mupite. Anabadwa mu 1939, anaimbapo ndi a Monroe mu 1963, ndipo amaimba ndi ana awo, Ronnie pa mandolin ndi Rob pa banjo. Gulu lawo limavala masuti ngakhale kutatentha chotani. Chimene ndimakonda kuyang'ana ndi miyendo yawo: nthawi ya munthu ikafika amasendera ku maikolofoni, akamaliza amabwerera m'mbuyo, mnzake n'kulowa pamalopo popanda kugundana khosi la chida. A Del amafunsa anthu nyimbo imene akufuna, anthu n'kumakuwa maina, iwo akuseka ndi tsitsi lawo loyera lopesera m'mbuyo. Mwa achinyamata ndimakonda Molly Tuttle, amene mu 2017 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya woimba gitala wopambana ya IBMA, bungwe loona za nyimbo za bluegrass. Yang'anani dzanja lake lamanja lokha kwa nyimbo imodzi yathunthu. A Tony Rice, amene chifukwa cha iwo ndinagula gitala, anamwalira mu 2020 ndisanawaonepo ndi maso, ndipo zimandiwawabe. N'chifukwa chake ndimati achikulirewa musamawaikire chaka chamawa.

Siteji ikatseka, valani juzi, tsitsani tochi iloze pansi, muyende pakati pa matenti. Mudzamva nyimbo uku ndi uku. Kulikonse kumene anthu aima mozungulira ndi zida, kumeneko ndi jam. Kumvera n'kwaulere, ndipo palibe amene angakuthamangitseni mukaima kumbuyo mwakachetechete.

Kulowamo ndi chida kumafuna khalidwe. Chunani chida chanu patali, musanafike. Imani kunja kwa bwalo kwa nyimbo ziwiri kapena zitatu, muone ngati liwiro lawo mungalikwanitse komanso ngati ndi bwalo lolandira alendo, pakuti ena amakhala gulu limene likukonzekera zokaimba mawa. Yambani kuimba motsitsa muli komweko. Akakukondani amafutukula bwalo, wina n'kukukodolani ndi mutu. Woyambitsa nyimbo amatchula dzina lake ndi kiyi, kawirikawiri G, A kapena D, ndipo nyimbo zambiri zimayenda pa makodi atatu okha. Mukasochera, yang'anani dzanja lamanzere la woimba gitala. Pakati pa mavesi aliyense amapatsidwa mpata woimba yekha, umene iwo amati break, ndipo umayenda motsatana kuzungulira bwalo. Wotsogolera akakuyang'anani, mwapatsidwa. Ngati simunakonzeke, pukusani mutu msanga kuti apatse wina, palibe cholakwa. Akatukula phazi m'mwamba, ndiye kuti nyimbo ikutha.

Lamulo lalikulu kuposa onsewa ndinaliphunzira usiku wina cha m'ma 2 koloko. Tinali anthu asanu ndi awiri pansi pa kansalu kotchinga mame, nyali yagasi ikulira pa tebulo. Mtsikana wina wa zaka ngati khumi ndi ziwiri anapatsidwa break pa mandolin, ndipo ine ndinapitiriza kukwapula gitala mwamphamvu monga ndinkachitira poyamba. Mayi wina wachikulire amene ankaimba besi pambali panga sananene kanthu. Anangotsitsa chikhato chake pang'ono cha pansi, akundiyang'ana. Ndinafewetsa dzanja, ndipo pompo ndinamva mwanayo: manotsi ake anali ang'onoang'ono, oyera, ndipo anali akunjenjemera pang'ono. Bwalo lonse linali litatsika kuti iye amveke. Atamaliza, bambo wa banjo anangoti "eya" chapansipansi, mwanayo n'kuluma mlomo kubisa kumwetulira. Kuyambira pamenepo ndimadziyesa motere: ngati sindikumva amene akuimba break kapena mawu a woimba, ndiye kuti ndikusokosa ndine.

Nthawi yanu yosankha nyimbo ikafika, sankhani yodziwika, ya makodi ochepa, imene mumaidziwa mawu onse. Pano si pamalo poonetsera nyimbo yovuta imene mwaphunzira kwanu. Ndipo bwalo likadzaza kale ndi magitala anayi, pitani mukafune lina, kapena ikani chida m'bokosi muzingothandiza kolasi. Besi imakhala imodzi pa bwalo, ameneyo ndi mwambo wosakambirana.

Oimba a pa siteji nawonso amatulukira m'makampumu usiku, atavala chipewa, n'kuima m'bwalo ngati wina aliyense. Mukawazindikira musaimitse nyimbo ndi kujambula. Nthawi yowapatsa moni ilipo: akatsika pa siteji ambiri amapita pa tebulo logulitsira ma CD ndi malaya, n'kumagwirana chanza ndi anthu. Gulani kanthu pamenepo, chifukwa ndalama imeneyo imathandiza mafuta a galimoto yopita ku chikondwerero chotsatira.

Lamlungu m'mawa, ngakhale mutagona 4 koloko, dzukani. Zikondwerero zambiri zimapatula m'mawa umenewo kukhala wa nyimbo zauzimu, ndipo nthawi zina oimba anayi amasiya zida pansi n'kuzungulira maikolofoni imodzi ndi mawu okhaokha. Tenti mudzapasula masana, ikauma mame.