Musanatenge khadi la ngongole, funsani izi

Musanasaine fomu, funsani kaye za APR, chiwongoladzanja cha pachaka. Musakopeke ndi mphatso kapena mapointi: ngati mwezi ukatha mumatsalabe ndi ngongole, chiwongoladzanja chimameza zonsezo. APR ya 24% ndiye kuti pafupifupi 2% mwezi uliwonse pa ndalama zomwe simunabweze. Funsaninso ngati khadilo lili ndi malipiro a pachaka, komanso, ngati pali nthawi ya chiwongoladzanja cha 0% yokopera makasitomala atsopano, kuti imatha liti, chifukwa ikangotha chiwongoladzanja chimalumpha.

Chimene chimandiwawa ine ndi kamzere ka pa sitetimenti (chikalata cha mwezi uliwonse chosonyeza ngongole yanu) kaja, kosonyeza ndalama yochepetsetsa yoti mulipire. Ambiri amangolipira yokhayo, mtima n'kukhala pansi. Ayi ndithu! Gawo lalikulu limathera ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo imangosuntha pang'ono, zaka n'kumapita. Ngati mungathe, bwezani zonse tsiku lolipira lisanadutse. Mukatero, makhadi ambiri salipiritsa chiwongoladzanja pa zimene mwagula. Zikavuta, onjezerani ngakhale kangachepe pamwamba pa yochepetsetsayo.

Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi limeneli, pewani. Amakudulani kenakake pomwepo, ndipo kawirikawiri chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Ikaninso chikumbutso pafoni patatsala masiku atatu kuti tsiku lolipira ngongole lifike, poti kuchedwa kuli ndi chindapusa chake.