Luni: Mdziweni Bwino Musanamdzale

Ambiri timangothyola luni womera yekha kuseri kwa khola, koma ndiwo imeneyi imalimika ndithu m'dimba. Akatswiri a zomera amamutcha Cleome gynandra, dzina lomwe Carl Linnaeus anapereka mu 1753. M'mabuku ena mupeza Gynandropsis gynandra, chomera chake ndi chomwecho. Ali m'banja la Cleomaceae, lomwe ndi lachibale ndi banja la mpiru, repu ndi kabichi.

Ubale umenewu ndiwo mlimi ayenera kuugwira. Nsabwe za m'masamba ndi tizikumbu todumpha tomwe timaboola repu timagwiranso luni. Choncho musamdzale pa bedi pomwe mwangozulapo mpiru kapena repu. Pitani pomwe panali nyemba kapena anyezi.

Kumzindikira n'kosavuta. Tsamba limodzi limakhala ndi timasamba tisanu, nthawi zina titatu kapena tisanu ndi tiwiri, totambasuka ngati zala za dzanja. Tsinde lili ndi ubweya womata komanso fungo lamphamvu, ndipo likhoza kufika mita imodzi pa nthaka yabwino. Duwa ndi loyera, la timasamba tinayi, ndi tiulusi titalitali totulukira kunja. Mbale wake, Cleome monophylla, ali ndi tsamba limodzi lalitali losagawikana.

Luni amakhala nyengo imodzi yokha: akachita maluwa ndi kubereka, basi wapita. Ntchito yonse ndi kuchedwetsa maluwa. Thirani chidebe chimodzi cha manyowa owolerana pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Nthaka ikakhala yoguga kapena madzi akachepa, amafulumira kumasula maluwa akadali wamfupi, masamba n'kukhala ang'onoang'ono ndi owawa kwambiri.

Fesani pomwepo pa bedi, chifukwa muzu wake waukulu sukonda kuwokeredwa. Mizere italikirane masentimita 30, kuya kusapose sentimita imodzi. Sakanizani mbewu ndi mchenga kuti isaunjikane. Pakatha masabata atatu patulirani kuti mbande zitalikirane masentimita 15 mpaka 20. Zomwe mwazulazo ndi ndiwo kale. Malo akhale a dzuwa, osadikha madzi. Yambani kuthyola pa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo muzitsina nsonga zamaluwa kuti aphuke nthambi.

Pomwe alimi ambiri amagwa mphwayi ndi pa mbewu. Yongokololedwa kumene imamera mwa apo ndi apo, osati chifukwa ndi yoipa, koma imayamba yagona kaye. Siyani mitengo ingapo yamasamba akuluakulu osaitsina. Thyolani zitheba zikachita chikasu, musadikire ziume chifukwa zimaphulika n'kumwaza mbewu. Umitsani pamthunzi, fikisani, petani, ndipo sungani m'botolo lotseka bwino kwa miyezi itatu kapena kupyola musanafese.