Mmene mungawerengere mwayi pamene timu ina yazolowera kugonjetsa inzake

Kuchokera 2006 mpaka 2016, Highlanders ya ku Bulawayo (Bosso) sinagonjetsepo Dynamos ya ku Harare (DeMbare) pamasewero a ligi ya mpira ya ku Zimbabwe. Mwana amene anabadwa chaka chimene Bosso inatenga ligi, 2006, anakula mpaka kumatumidwa kugolosale asanaonepo DeMbare ikugonja kwa adani akewo. Zinadzatheka mu 2016, pa Rufaro penipeni, bwalo la Dynamos mu Harare, Highlanders itapambana 2-0. Pazaka khumi zimenezo, kuno ku Mabvuku, mu Harare, kunali magulu awiri a akatswiri. Ena ankati, "Agonja kokwanira, lero ndiye lero." Ena ankati, "Amenewa anawatsirika, ngakhale atabwera ndi osewera makumi awiri sangawine." Magulu onse awiri ankataya ndalama kumalo obetcherana, ndipo mpaka pano akutayabe.

Ine ndimasunga mabuku a sosaiti yathu yamaliro, choncho anyamata amabwera ndi timapepala tawo tobetchera kuti, "Amalume, tationereni apa." Zimene ndimawaonetsa ndi izi.

Yambani ndi kakobiri. Makobiri ndi osowa mu Harare masiku ano, koma m'dirowa mwanu simungalephere kupezeka ka bond kakale kamene sikagulanso kanthu. Kaponyeni m'mwamba ka 100, muzilemba mbali imene kagwera. Mukamaliza, yang'anani pepala lanu. Kawirikawiri mupeza malo amene mbali imodzi yatuluka kasanu motsatizana, mwinanso kasanu ndi kamodzi. Palibe anakatsirika kakobiriko. Ndipo kakagwa mbali imodzi kasanu, ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi udakali theka kwa theka, chifukwa kalibe mutu wokumbukira zimene kachita. Ku Monte Carlo mu 1913, panyumba ina ya juga, kampira ka roulette kanagwera pakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri akubetchera pofiira, ati nthawi yake yakwana. Amene amati Bosso ili ndi ngongole yoti ibweze amaganiza chimodzimodzi.

Mukatero, phunzirani kuchulukitsa. Mwayi woti chinthu chichitike kangapo motsatizana mumaupeza pochulukitsa mwayi wa ulendo uliwonse. Pakakobiri, kawiri ndi 1 pa 4, kasanu ndi 1 pa 32, kakhumi ndi 1 pa 1,024. Foni iliyonse ili ndi kowerengera masamu, musavutike ndi mutu.

Koma mpira uli ndi zotsatira zitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pali kupambana, kugonja, ndi kufanana mphamvu. Munthu akakuuzani kuti timu yakuti "sinagonjepo" kwa inzake, mufunseni kuti mwa masewerowo ndi angati amene anathera 0-0 kapena 1-1. Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndangosankha ine kuti tionerepo, kuti pamasewero 100 timu yamphamvu ingapambane 50, kufanana mphamvu 30, kugonja 20. Kupambana kasanu motsatizana ndi 0.5 kuchulukitsa kasanu, zimene zikupereka pafupifupi 3 pa 100. Kusagonja kasanu ndi 0.8 (50 ndi 30 pamodzi) kuchulukitsa kasanu, pafupifupi 33 pa 100. Mwaona kusiyana kwake? Choyambacho n'chosowa, chachiwiricho chimachitika kamodzi pa katatu, koma wolengeza pawailesi amazitchula zonse ndi mawu okweza ofanana.

Tsopano tengani zaka khumi zija. M'ligi matimu amakumana kawiri pachaka, kwawo ndi koyenda, ndiye ndi masewero pafupifupi 20. Chulukitsani 0.8 ka 20, mupeza 1 pa 87 kapena pamenepo. Sinthani pang'ono, muike 0.7, mupeza 1 pa 1,250. Kusiyana kochepa pa mphamvu za matimu kumakula kwambiri mukakuchulukitsa kambirimbiri. N'chifukwa chake nambala yoyambayo muziiganizira mofatsa, osangoitola m'mutu chifukwa mumakhala ku Vietnam, mbali ya ochemerera Dynamos pa Rufaro, kapena mtima wanu uli ku Soweto, mbali ya ochemerera Highlanders pabwalo lawo la Barbourfields.

Ena akamva 1 pa 87 amati, "Basi amalume, mwavomera nokha, pali mankhwala." Dikirani kaye. Werengani kuti m'ligi muli matimu angati oti angakumane awiriawiri. Ligi ya matimu 16 ili ndi mapeyala 120, chifukwa 16 kuchulukitsa 15, kugawa pawiri, ndi 120. Onjezani ligi ya ku Malawi, ya ku Zambia, ya ku South Africa, ya ku England imene timaonera Loweruka lililonse. Pa mapeyala mazanamazana amenewo, kupezeka imodzi imene timu ina yakhala zaka khumi osagonja si chodabwitsa. Chingadabwitse n'chakuti pasapezeke ngakhale imodzi. Timaikumbukira ya Dynamos ndi Highlanders chifukwa ndi matimu akuluakulu, ina inayamba mu 1963 ina mu 1926, ndipo dziko lonse limaima zikamasewera. Timu ziwiri za kumigodi zitachita zomwezo, palibe angalembe m'nyuzipepala.

Sindikunena kuti mbiri ya matimu awiri ilibe ntchito. Osewera si makobiri, amakumbukira, amaopa, ndipo mwana wazaka 20 akamatuluka m'chipinda chovalira n'kumva Rufaro yonse ikuimba, miyendo imatha kulemera. Komanso kupambana kambirimbiri nthawi zina kumangoonetsa chinthu chosabisika, choti timu inayo inalidi yamphamvu. Dynamos inatenga ligi zaka zinayi motsatizana, 2011 mpaka 2014, mphunzitsi ali Callisto Pasuwa, yemwe uja anadzapita ku Blantyre kukaphunzitsa Bullets n'kumatenganso ligi kumeneko. Timu imene ikugonjetsa aliyense, kusagonjetsedwa ndi Bosso n'gawo chabe la nkhani imeneyo.

Ndiye chochita n'chakuti mutenge pepala, mulembe masewero amene akutchulidwawo, n'kuyamba kufufuta. Fufutani onse amene anaseweredwa mphunzitsi ali wina. Fufutani amene osewera ake ambiri anachoka, ndipo kuno osewera amachoka msanga, wina akangowala sizoni imodzi mumva ali ku South Africa kapena ku Tanzania. Onani kuti masewero a lero ali pabwalo liti, chifukwa kusewera pakhomo kumathandiza, ndipo matimu a mu Harare akhala akusamukasamuka mabwalo akatsekedwa kuti akonzedwe. Mukamaliza kufufuta, mwa masewero 20 aja mutsala ndi atatu kapena anayi. Zimene zatsalazo ndi zochepa kwambiri moti simungamangirepo chilichonse. Tebulo la ligi ya chaka chino, zigoli zimene timu yamwetsa ndi zimene yamwetsedwa pamasewero khumi apitawa, ndani wavulala, ndani ali ndi khadi lofiira, kaya osewera alandira malipiro awo kapena akunyanyala zokonzekera, zimenezi zikuuzani zambiri kuposa chigoli cha 2009 chimene anamwetsa munthu amene pano ali ndi zidzukulu.

Kwa amene mumabetcha, ngakhale ine ndalama yanga sindiiponya kumeneko, phunzirani kuwerenga manambala a pakapepala. Gawani 100 ndi nambala imene alemba. Akalemba 2.00 pa timu yapakhomo, ndiye 50 pa 100. Akalemba 3.20 pa kufanana mphamvu, ndiye 31. Akalemba 4.00 pa alendo, ndiye 25. Phatikizani: 106. Zotsatira zonse zitatu zimayenera kukwana 100 ndendende, ndiye 6 yapamwambayo ndi phindu la mwini shopu, amadya kaya iwine ndani. Ndipo musaganize kuti mbiri ya zaka khumi mwaitulukira ndinu. Amene amaika manambalawo anaiwerengera kale.

Choopsa kwambiri ndi kapepala kophatikiza masewero ambiri, kamene anyamata amakakonda chifukwa dola imodzi imaoneka ngati ibereka. Mnyamata wina anandibweretsera ka masewero asanu, onse pa 1.50, onse a matimu amene "nthawi zonse amawagonjetsa amenewa." Dola yake ikanabweza $7.59. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, tiyerekeze kuti timu iliyonse pamenepa ili ndi mwayi wa 60 pa 100, umene ndi mwayi wabwino ndithu. Chulukitsa 0.6 kasanu." Anadina pafoni, inatuluka 0.078. Ndiye kuti pa timapepala 100 totere, topambana ndi 8 tokha, ndipo amene amagula tsiku ndi tsiku, pa dola iliyonse imene waponya amabwezeredwa pafupifupi masenti 59. Anayang'ana foniyo kanthawi, kenako anafunsa ngati zingasinthe atachotsapo masewero amodzi. Zimasintha: 0.6 kuchulukitsa kanayi ndi 13 pa 100, ndipo dolayo ibweza $5.06.